Manja Awiri pa Tebulo la Madayisi

Mvula yamawawa inayamba m'mawa, ndipo pofika masana a Loweruka limenelo mitambo inali itatsika mpaka kukhala ngati yatsamira madenga a ku Swords, pafupi ndi bwalo la ndege la Dublin. Ndege zinkangomveka kubangula kwake zikamanyamuka, osaoneka. Greenwell anatsika basi atavala jekete limene ankalisungira za kutchalitchi, nayenda pang'onopang'ono, akubwereza mumtima mawu amene anawakonza sabata yonse.

Anali mnyamata wa ku Zomba, wophunzira masamu a kafalikidwe ka matenda pasukulu yaukachenjede mu Dublin, ndipo ankafuna kukwatira Womba, namwino wa ku Zambia amene anadziwana naye kukwaya. Bambo a Womba anamwalira kale. Amalume ake a ku Solwezi atamva za nkhaniyi anayankha mwachidule kuti iwo ali kutali, maso awo ndi pakamwa pawo ndi Kebby, mlongo wake wamkulu wa Womba, amene ankakhala naye nyumba imodzi. Kebby akalola kuti mnyamatayo atumize mbale zotsegulira nkhani ya ukwati, monga mwa mwambo wa kwawoko, ndiye kuti mtundu wonse walola. Koma Kebby ankangozengereza, lero ntchito, mawa kutopa. Tsopano anali atatumiza mawu akuti, abwere andipeze kushedi.

Womba anatsegula chitseko iye asanagogode. Sanamwetulire.

"Ali kumbuyo na banzake," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Green, unimvele bwino. Ukambe naye, umupase ulemu wonse wamene ufuna, koma madayisi osagwila. Olo akuseke, olo akunyengelele. Manja uike mu thumba."

"Manja m'thumba pamaso pa akulu? Womba, kwathu amenewo ndi mwano."

"Ndiye uyamange kumbuyo." Anamukonzera kolala, koma zala zake zinali zozizira. "Kebby anayamba na kuponyako kamodzi chabe, kuseka-seka na banzake. Lelo mukazi wake na bana bali ku Clondalkin mu kachipinda kamodzi. Nazionela na maso anga. Ine sinizakwatiwa na mwamuna wa tebulo ija. Sinichita nthabwala."

"Ndamva," anatero Greenwell. Ndipo anamvadi.

Shedi inali kumapeto kwa kabwalo ka udzu wonyowa. M'kati munali fungo la hita ya magetsi ndi la nsapato zonyowa. Pakati panali tebulo lalitali, lokhala ndi zipupa mbali zonse, ngati bokosi la maliro a chimphona, loyalidwa nsalu yobiriwira yolembedwa manambala. Chipupa cha kumapeto kwake chinali ndi labala wa timapiri tosongoka, ngati msana wa ng'ona. Pambali panaima nyale yozungulira ngati mphete, ndi foni yokhazikidwa pa miyendo itatu, ndipo kukhoma kunapachikidwa chinsalu cha kampani ina ya juga ya pa intaneti. Kampaniyo ndiyo inkalipira Kebby kuti azijambula mavidiyo a Chinyanja, ophunzitsa anthu a ku Zambia ndi ku Malawi kuti dzanja lozolowera lingathe kulamulira madayisi.

Munali amuna atatu. Kebby, wamtali, wa mawu ngati a muulutsi wa pa wayilesi, ankapukuta galasi la foni ndi kansalu. Mubanga, mnzake wonyamula naye katundu kubwalo la ndege, anawerama patebulo akusanja madayisi awiri ofiira. Pampando wa pafupi ndi hita panakhala a Cornelio, bambo a imvi a ku Dedza, oyendetsa basi mumzindamo.

Greenwell anawerama, napereka moni kwa aliyense, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Ba profesa bafika," anatero Kebby. "Nkhalani apo. Mwabwela pa nthawi yabwino."

"Zikomo, achimwene. Ndinabwera ndi kankhani kaja..."

"Nkhani siola. Tisilize nchito poyamba."

Greenwell anakhala pakampando kakumbuyo, napinda manja pamiyendo.

Mubanga anasanja madayisi kuti madontho atatuatatu akhale pamwamba, anawapana ndi zala zitatu, nagwedeza mkono kawiri asanawatulutse. Madayisiwo anauluka pamodzi ngati omatana, anatera, anagunda labala uja, ndipo kenaka lililonse linathamangira kwake.

"Mwaona mwamene yanyamukila?" anatero Mubanga. "Monga mapasa. Chinsinsi ni kutela mofewa, monga uika mazila pa mphasa. Yakafika ku chipupa yakhale yatopa kale."

"Kunyamuka anyamukadi ngati mapasa," anatero a Cornelio, "koma kufika afika ngati akazi a mitala. Dayisi ndi mbuzi, a Mubanga. Mukaimasula chingwe sikufunsani munda woti ikadye."

"Imwe mudala, muyendetsa chibasi chonse chija na zala zibili. Mukana kuti munthu angayendetse kadayisi?"

"Basi ili ndi mabuleki."

Mubanga anaseka, koma Kebby sanaseke. A Cornelio anatambasula miyendo kuhita, napitiriza.

"Azungu a m'mavidiyo amene mumawapembedza aja, ndalama zimene amaponya patebulo si zawo. Kampani imawadzazira mbale, iwo n'kumangodya pamaso pa kamera. Akaluza amaseka, n'kugwira kumutu mwa sewero. Wolira zenizeni ndi mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kanyama amene wagulitsa foni ya amayi ake kuti ayesereko."

"Mukamba ine, ba Cornelio?" anafunsa Kebby.

"Sindinatchule munthu. Ndimangodabwa kuti mavidiyo amene seveni yoluzitsa ija yatuluka msanga amapita kuti. Kapena amadyedwa ndi makoswe?"

Kebby anaika kansalu pansi. "Ndiye vamene bakamba na bantu mu makomenti. Ati Kebby amadula vidiyo, ati amaonetsa vabwino vokha-vokha. Ba kampani baniuza ati ngati bantu sibakukhulupilila, tizapeza wina. Ndiye chifukwa lelo tichita pompo-pompo. Palibe kudula, palibe kubisa. Aliyense aone na maso yake." Anatembenukira kwa Greenwell. "Nanga ba profesa ba masamu, mukamba bwanji? Dzanja ingaphunzile kapena iyayi?"

Greenwell ankadziwa yankho. M'masewerawa woponya amapitiriza kuponya mpaka seveni itamugwetsa, ndipo mwa manambala onse amene madayisi awiri angabale, seveni ndiyo ili ndi njira zambiri zobwerera. Timapiri ta labala tija anatiikira dala kuti tifafanize chilichonse chimene zala zakonza. Koma amene ankafunsa anali munthu wosunga kiyi ya ukwati wake.

"Sindinaziphunzire mokwanira, achimwene," anatero, maso ali pansi.

A Cornelio anamuyang'ana cham'mbali, natsokomola.

Nyale yozungulira itayaka, Kebby anasanduka munthu wina. Mapewa anakwera, mano onse anaonekera, mawu anatsekemera. Analonjera a ku Lusaka, a ku Kitwe, a ku Lilongwe, a ku Joni, natchula dzina la kampani katatu. Anaonetsa madayisi pafupi ndi kamera, mbali zonse, nafotokoza malamulo a tebulo.

"Lamulo yoyamba, bane: dayisi igwilidwa na dzanja imodzi chabe, pamwamba pa tebulo, pamene aliyense aona. Ukagwila na manja yabili, kulikonse pa dziko bazakuchotsa, chifukwa ndiye mwamene bakawalala basinthila madayisi."

Anaponya. Inatuluka sikisi, kenaka naini, kenaka sikisi inanso. Mubanga, atagwira foni yachiwiri, ankawerenga mokweza zimene oonera ankalemba, ndipo anati anthu akuchulukirachulukira. Kebby anaponya kangapo ndithu seveni isanabwere, ndipo itabwera anaiseka, nati ngakhale dokotala amadwala. Zinthu zinkamuyendera. Thukuta la chisangalalo linkanyezimira pamphumi pake.

Greenwell anayamba kupuma bwino. Ankaganiza kuti munthu wokondwa savuta kupempha.

"Pali wina afunsa," anatero Mubanga, "ati nanga uyo wa jekete wakhala kumbuyo monga wabwela ku malilo ni ndani?"

Kebby anaseka kwambiri. "Uyo ni mulendo wanga, munthu wa masukulu. Sanagwilepo dayisi chibadwile." Anatola madayisi aja, natembenuka, natambasula dzanja. "Ba profesa, onani chabe kulemela kwake."

Greenwell sanaganize. Pa moyo wake wonse sanalandirepo chinthu kwa wamkulu atakhala pansi kapena ndi dzanja limodzi, kaya ndi siwiti, kaya ndi satifiketi. Thupi linaimirira lokha, bondo linapindika pang'ono, manja onse awiri anapita kutsogolo, ndipo madayisi atagweramo zikhatho zinatsekana, nazibweza pachifuwa monga amachitira munthu wothokoza. Madayisi anasowa pamaso pa kamera.

"Aa, aa," anatero a Cornelio chapansipansi.

Pamwamba panadutsa ndege, malata nanjenjemera.

Mubanga anayang'ana foni yake. "Kebby... bakamba ati basintha. Ati wa jekete ndiye wosinthila. Ati taona, taona. Ati bakawalala." Chala chake chinkathamanga pagalasi. "Bali kubwela bambili maningi. Bena bajambula kale."

Kumwetulira kwa Kebby sikunachoke, koma kunauma ngati kwa pachithunzi. "Bane, bane, mutima pansi. Uyu ni Mumalawi, ni ulemu wa kwao. Balandila na manja yabili olo ni mupando wa mu basi." Anasendera kwa Greenwell, nalankhula kudzera m'mano. "Tsegula manja. Vula jekete. Pinda malaya."

Greenwell anatsegula zikhatho. Madayisi anali momwemo, atanyowa ndi thukuta. Anawaika patebulo, navula jekete lake la kutchalitchi, napinda mikono ya malaya mpaka m'zigongono. Kebby anakutumula jeketelo pamaso pa kamera, natulutsa matumba ake kunja. Munagwa tikiti ya basi ndi kampango. Anatulutsanso matumba a thalauza, Greenwell ataimika manja m'mwamba ngati wogwidwa pamsika. Nkhope yake inkayaka. Anaganiza za anzake a m'kalasi, za akulu a mpingo ku Zomba, za aliyense amene angalandire kachidutswa ka vidiyoyi pafoni.

"Mwaona? Palibe chilichonse," anatero Kebby.

"Sibakhutile," anatero Mubanga. "Ati ngati madayisi ni yamene yaja, aponye yeve wa jekete tione. Bonse bakamba chimodzi. Aponye, aponye."

"Tengani ena atsopano m'paketi, a Kebby," anatero a Cornelio. "Musiyeni mwanayu."

"Nikachotsa aya bazakamba ati nabisa umboni." Kebby anaphimba ndi chikhatho kamaikolofoni ka pakolala pake, nabweretsa pakamwa pake pafupi ndi khutu la Greenwell. Mpweya wake unali wotentha. "Waniika pa moto na ulemu wako. Manje unichotsepo. Iyi nchito ikatha lelo chifukwa cha iwe, nizauza bamalume kuti Mumalawi uja ananivula pa bantu. Ngati ufuna mbale zako zilowe pa nyumba ino, ponya."

Pachitseko cha shedi panali kagalasi, ndipo kudzera pamenepo Greenwell ankaona zenera la khitchini kutsidya kwa udzu. Womba anaima pamenepo. Sankayang'ana kushedi. Anaweramira chinthu chimene chinali m'manja mwake, ndipo kuwala kwake kunkamuyeretsa chibwano. Nayenso ankaonera.

Mutu wa Greenwell, umene unazolowera kusanthula zinthu, unagwira ntchito yake ngakhale pamenepo. Ikatuluka seveni, Kebby anena kuti madayisi ndi abwinobwino, ndipo taonani mmene limagwera dzanja losaphunzira. Ikatuluka nambala ina, anena kuti taonani, wangokhala pafupi ndi ine masana amodzi. Kulikonse kumene madayisi angagwere, agwera m'thumba la Kebby. Chimene chinali pa juga si nambala ayi. Akakana, Kebby atseka chitseko, ndipo amalume a ku Solwezi sadzamva mbali ina ya nkhaniyi. Akaponya, Womba wanena kale mawu ake.

Koma Womba amandikonda, anaganiza motero. Waona yekha mmene zachitikira. Waona kuti sindinafune. Ndikamufotokozera madzulo ano adzamvetsa, pamene Kebby sangamvetse mpaka kalekale. Ndipo ngakhale ankaganiza zimenezi, mbali ina ya mtima wake inkamuuza kuti umu ndi mmene anthu amasankhira woti amulakwire: amasankha amene akuyembekeza kuti awakhululukira.

"A Greenwell," anatero a Cornelio, osakweza mawu, "chitseko chili kumbuyo kwanuko. Sichokhoma."

"Mudala, khalani chete," anatero Kebby, akumwetulirabe kukamera. "Bane, mulendo wathu aponya manje. Dzanja imodzi, ba profesa. Yafike ku chipupa."

Greenwell anatola madayisi. Anali opepuka pakati pa zala, a m'mbali mwakuthwa. Sanawasanje. Anangowataya ngati munthu wotaya khala la moto.

Madayisiwo anagubuduka pansalu yobiriwira, anagunda msana wa ng'ona uja, limodzi linabwerera n'kuima, linalo linazungulira pakona yake kwa kanthawi kamene kanaoneka ngati sikatha. Greenwell anazindikira kuti wasiya kupuma, kuti waweramira patebulo, kuti maso ake akulikankha dayisilo. Linagwa.

Madontho anayi, ndi madontho anayi.

"Eyiti ya mapasa!" anakuwa Mubanga, akumenya chipupa cha tebulo. "Yayi yayi yayi! Kuponya koyamba!"

Chinachake chinaphulika m'chifuwa mwa Greenwell, chotentha, chokoma, chimene sanachiitane. Chinakwera kukhosi, ndipo asanachigwire chinatuluka ngati kaphokoso ka chimwemwe, nkhonya yake itakwera m'mwamba. Kanali kanthawi kochepa chabe. Koma nyale yozungulira inali pankhope pake, ndipo anadziona yekha pagalasi la foni ija, mano ali pamtunda, maso akuwala ngati a Mubanga.

Kebby anamukumbatira paphewa, namukokera pakati pa chithunzi. "Mwaona, bane? Matumba yalibe kanthu, manja yalibe kanthu! Munthu wa masamu, wa ma digili, wankhala chabe pafupi na ine, kupenyelela mwamene nigwilila. Nanga imwe mukaphunzila mwezi wonse? Ndipo nikuuzeni chinthu china. Uyu si mulendo iyayi. Uyu ni mulamu wanga! Atenga mulongo wanga! Bamalume ku Solwezi ngati muonelela, nkhani yatha, mbale zibwele Sabata yamawa!"

Mawu amene Greenwell anawadikira miyezi yonseyi anamugwera ngati madzi ozizira. Anayang'ana kuzenera la khitchini. Panalibe munthu.

"Achimwene, ndipite kaye..."

"Upite kuti? Lamulo ikamba ati woponya saleka mpaka seveni. Bantu bayembekeza, mulamu." Kebby anatenga kandodo kokhota, nakankhira madayisi aja kwa iye pansalu. Anaima pafupi ndi zala zake, ofiira, onyezimira.

A Cornelio anaimirira, navala chipewa chawo, koma sanatuluke. Ankangomuyang'ana.

Greenwell ankafuna kunena kuti ayi, kamodzi kaja kakwana, ndachita chimene munapempha. Mawuwo anali okonzeka pakamwa. Koma pansi pa mantha ndi manyazi panali kafunso kena kakang'ono, kachilendo, kamene kankafuna kudziwa ngati eyiti ingabwerenso. Pamene ankalimbana nako, anapeza kuti madayisi ali kale pakati pa zala zake.

Chitseko cha shedi chinatseguka, mphepo yonyowa nilowa. Womba anaima pakhomo atavala chikhoti chake chamvula, chikwama chili paphewa, foni ili m'dzanja, ikulankhulabe mawu a Kebby mochedwerapo pang'ono. Sanayang'ane mlongo wake, ngakhale kamera. Anayang'ana mikono yopindidwa ya malaya a Greenwell, natsitsa maso mpaka padzanja lake.

"Womba, bwela upeleke moni ku bantu!" anatero Kebby. "Nabauza kale!"

"Womba," anatero Greenwell, "unaona wekha mmene zinayambira. Sindinafune..."

Womba anadikira, ngati kuti akumupatsa mpata woti amalize, kapena woti atsegule zalazo. Greenwell anayang'ana Kebby, amene dzanja lake linali likadali paphewa pake, lolemera, ndipo anayang'ananso kadontho kofiira ka kamera. Zala zake sizinatseguke.

Womba anazimitsa foni, naiika m'thumba la chikhoti. Anakweza chipewa cha chikhoticho kumutu, natembenuka. Anadutsa paudzu wonyowa osathamanga, analowa m'kanjira ka pambali pa nyumba, ndipo kageti kachitsulo kanalira kamodzi pamene ankatulukira kumsewu.